Khonsolo ikabwereketsa dzina: ngongole yomangira sukulu

M'midzi ya kwa Dambe ku Mchinji, monga m'madera ambiri a dziko lino, mdadada wa sukulu umayambira pa msonkhano. Amfumu amaitanitsa anthu, a komiti ya sukulu amafotokoza kuti ana a Sitandade 2 ndi 3 akuphunzirira pansi pa mtengo, kenaka mudzi uliwonse umauzidwa njerwa zoti uumbe. Ntchitoyi imagwirika m'chilimwe, mtedza ndi soya zitalowa m'nyumba, fodya atapita kumsika. Ena akuponda dothi, ena agwira chikombole, amayi akutunga madzi, anyamata akututa mchenga kudambo pa ngolo. Mwezi wa Okutobala usanathe uvuni wapsa, njerwa zofiira zaunjikidwa pafupi ndi bwalo la mpira.

Mphamvu za mudzi zimathera pamenepa. Simenti saumba. Malata, matabwa a denga, misomali, mafelemu a zitseko ndi malipiro a mmisiri, zonsezi zimafuna ndalama, ndipo zimazifuna pakamodzi. Koma ndalama za sukulu zimabwera modontha: kathumba ka SIG kamene boma limatumiza kusukulu za pulayimale, kagawo ka thumba la chitukuko cha m'dera la phungu lotchedwa CDF, ndi zopereka za makolo amene nawonso amagwira ndalama yeniyeni kamodzi pachaka. N'chifukwa chake si zachilendo kuona chipupa chitaima pa msinkhu wa mawindo dzinja limodzi, lachiwiri, mpaka udzu kumera mkati, njerwa zapamwamba n'kuyamba kufumbutuka.

Vutoli si la anthu osauka okha. Kulikonse padziko, nyumba ya sukulu imadya ndalama zake zonse m'chaka chimodzi, koma imatumikira ana kwa zaka 30 kapena 40. Ndiye angapezeke kuti munthu wopereka ndalama zonse lero, n'kulola kuti abwezeredwe pang'onopang'ono kwa zaka zambiri chonchi? Mizinda ya ku America ili ndi njira yake, ndipo n'kofunika kuimvetsa bwino tisanaitamande kapena kuikana.

Bondi n'chiyani?

Ngongole zimene ambiri timazidziwa ndi zofupika. Ku banki m'khonde munthu amatenga ndalama n'kubweza pakatha mwezi umodzi kapena itatu, chifukwa gulu liyenera kugawana chaka chikamatha. Ngongole yotere imathandiza pa geni ya tomato kapena pa thumba la feteleza, koma singamange kalasi. Za katapila tisanene n'komwe. Banki yamalonda imatha kudikira zaka zingapo, koma imafuna chikole, ndipo siikonda kutsekera ndalama zake malo amodzi kwa zaka 30.

Bondi ndi kalata ya ngongole. Wofuna ndalama zambiri, m'malo mogogoda pakhomo la banki imodzi, amadula ngongoleyo m'zidutswa n'kugulitsa makalata kwa anthu ndi mabungwe ambiri. Kalata iliyonse imanena ndalama zimene zakongoledwa, chiwongoladzanja cha pachaka, ndi tsiku limene ndalamazo zidzabwezedwe. Wogula kalata ndiye wokongoza. Ndipo akafuna ndalama zake nthawi isanakwane, sapita kukavutitsa wokongolayo; amangogulitsa kalatayo kwa wina. Ufulu wogulitsawu ndi umene umachititsa anthu kulola ngongole ya zaka zambiri, chifukwa palibe amene wamangidwa kuti adikire mpaka kumapeto.

Zimenezi zilipo kale ku Malawi. Boma limakongola ndalama kudzera ku Reserve Bank of Malawi pogulitsa makalata a miyezi itatu, isanu ndi umodzi kapena chaka, komanso ena a zaka ziwiri mpaka khumi. Ogula ake kwenikweni ndi mabanki, makampani a inshuwalansi ndi mabungwe osunga ndalama za penshoni. Kuchokera mu 2011, lamulo limakakamiza wolemba ntchito kuika ku penshoni ndalama zokwana 10 pa 100 iliyonse ya malipiro a wantchito, wantchitoyo n'kuikapo 5. Choncho kalaliki wa pa kampani ya ku Kanengo, ngakhale sanaonepo bondi ndi maso, gawo la ndalama zake lili m'makalata amenewa.

Chimene chimasiyanitsa bondi ina ndi inzake ndi gwero la ndalama zobwezera. Ina imabwezedwa ndi misonkho ya anthu onse. Ina imabwezedwa ndi ndalama za ntchito imodzi yokha: bungwe la Roads Fund Administration linakongolapo ndalama kwa okongoza a m'dziko muno zokulitsira misewu ya mu Lilongwe, podalira kandalama kamene kamadulidwa pa lita iliyonse ya mafuta a galimoto. Mtundu wachitatu ndi umene tikuufuna pano. Achizungu amautcha conduit bond. Ife tiutche bondi yodutsira, chifukwa ndalama zake zimangodutsa m'dzina la boma kupita kwa mwini ntchito.

Sukulu za pangano

M'chaka cha 1991 chigawo cha Minnesota ku America chinakhazikitsa lamulo lololeza gulu la aphunzitsi kutsegula sukulu yaboma koma yodziyendetsa yokha. Sukulu yoyamba yotere, City Academy, inatsegulidwa mumzinda wa St. Paul mu 1992. Amazitcha charter schools chifukwa iliyonse imaima pa chikalata cha pangano: boma lizipereka ndalama, sukulu iziphunzitsa mwaulere ndi kuonetsa zotsatira, ndipo ikalephera panganolo litha. Lero zigawo zopitirira 40 zili ndi malamulo otere, ndipo ana opitirira 3 miliyoni amaphunzira m'sukulu za pangano.

Mfundo yoyenera kuigwira ndi mmene ndalama zimabwerera. Boma limawerenga ana, n'kupereka ndalama yodziwika pa mwana aliyense chaka chilichonse. Mwana akasamuka, ndalama yake imamutsatira. Koma ndalamayi kwenikweni ndi yoyendetsera sukulu, osati yomangira. Sukulu zaboma zachizolowezi za kumeneko zikafuna nyumba zatsopano, anthu a m'deralo amavota, bondi imagulitsidwa, ndipo imabwezedwa ndi msonkho wa nyumba ndi malo. Sukulu ya pangano ilibe mphamvu yokhometsa msonkho munthu aliyense. N'chifukwa chake zambiri zinayambira m'nyumba za lendi, m'zipinda za tchalitchi ndi m'masitolo akale. Zitakula, zinayamba kufuna malo awoawo, ndipo mu 1998 mabondi oyamba omangira sukulu zoterezi anagulitsidwa.

Khonsolo ikulowa pati?

Wina angafunse kuti bwanji sukuluyo osangogulitsa yokha makalata ake a ngongole. Yankho lili pa msonkho. Ku America, munthu akalandira chiwongoladzanja kuchokera ku kampani, boma lalikulu limadulapo msonkho. Koma chiwongoladzanja cha bondi ya mzinda kapena ya chigawo kawirikawiri sichidulidwa msonkho umenewu. Tiyerekeze kuti wokongoza wina amalandira madola 100 kuchokera ku kampani, msonkho n'kutenga 30. M'thumba mwake mumalowa 70. Munthu ameneyu angasangalale kulandira madola 75 opanda msonkho. Iye wapindula, ndipo wokongola walipira 75 m'malo mwa 100. Kusiyana kumeneku, kukachulukitsidwa ndi zaka 30, n'kumene kumachititsa kuti nyumba itheke kumangidwa.

Koma mwayi umenewu umatsegulidwa ndi dzina la boma lokha. Choncho sukulu imapita kukhonsolo ya mzinda, kapena ku bungwe limene mzinda kapena chigawo chinakhazikitsira ntchito yomweyi. Mzinda wa Phoenix ku Arizona uli ndi bungwe lotere, mzinda wa New York uli ndi Build NYC Resource Corporation, ndipo zigawo za Colorado ndi California zili ndi awo. Bungwelo limagulitsa bondi m'dzina lake, n'kukongoza sukulu ndalama zonse zimene zapezeka. Pa ntchitoyi limalandira kandalama ka chilolezo.

Taganizirani kalata ya amfumu. Munthu akafuna kutsegula akaunti kapena kulowa m'gulu la ngongole, amfumu amamulembera kalata yotsimikiza kuti ndi wa m'mudzi mwawo, n'kudinda chidindo. Kalatayo imatsegula khomo limene likanakhala lotseka. Koma munthuyo akalephera kubweza, palibe amene amapita kukalanda mbuzi za amfumu. Khonsolo pa bondi yodutsira ili chimodzimodzi: yabwereketsa dzina ndi chidindo, thumba lake silinakhudzidwe. Ngongole ndi ya sukulu.

Ulendo wa ndalama

Tiyeni titsatire sukulu imodzi, yongoyerekeza, imene yakhala m'nyumba ya lendi zaka zingapo ndipo ana akuchuluka. Bungwe loyendetsa sukuluyo limapeza malo, limajambulitsa mapulani, n'kuitana akatswiri a zachuma kuti awerengere ngati ndalama za pa mwana aliyense zingakwanire kulipira aphunzitsi ndi ngongole yomwe. Kenaka limapereka pempho kukhonsolo.

Bondi isanagulitsidwe pamakhala msonkhano wa poyera. Lamulo la ku America la mu 1982 limafuna kuti anthu adziwitsidwe pasadakhale za ntchitoyo, malo ake ndi kuchuluka kwa ngongole, aliyense wofuna kulankhula alankhule, ndipo akuluakulu osankhidwa ndi anthu avomereze. Nthawi zambiri misonkhanoyi imatha m'mphindi zochepa chifukwa kumafika anthu owerengeka, komabe khomo limakhala lotsegula, ndipo pali madera kumene makolo ndi aphunzitsi amadzaza chipinda kudzatsutsa.

Ikavomerezedwa, maloya amalemba chikalata chachikulu chofotokoza zonse za sukuluyo: ana angati, mayeso akuyenda bwanji, pangano lake litha liti, ngozi zake ndi zotani. Nthawi zina mabungwe oyeza kudalirika kwa wokongola, monga S&P ndi Moody's, amapereka giredi. Sukulu zambiri za pangano zimapeza giredi yapakati kapena yotsika, zina sizipimidwa n'komwe, ndipo bondi zoterezi amazigulitsa m'zidutswa zikuluzikulu kuti zigulidwe ndi mabungwe odziwa kusenza ngozi, osati gogo wosunga ndalama za ukalamba wake.

Ndalama zikapezeka sizipita m'manja mwa mphunzitsi wamkulu, ngakhalenso mu akaunti ya khonsolo. Zimapita ku banki yapadera yoimira okongoza, imene tingaitche msungi. Kontrakitala akamaliza maziko, katswiri amayendera, amasaina, msungi n'kulipira gawo limenelo lokha. Akafika pa denga, chimodzimodzi. Msungi amapatulanso thumba lapadera, lokwanira pafupifupi malipiro a ngongole a chaka chimodzi, loti lithandize chaka chikavuta. Malo ndi nyumba zimakhala chikole.

Pobweza, m'zigawo zina ndalama za ngongole zimadulidwa zisanafike kusukulu: boma limatumiza gawo la msungi choyamba, zotsala n'kupita kwa oyendetsa sukulu. Mlimi wa fodya wa kwa Dambe amene wagulitsapo ku Chinkhoma kapena ku Kanengo akuidziwa njira imeneyi. Ndi stop order: ngongole ya feteleza imachoka ndalama zisanafike m'manja mwake. Wokongoza amagona tulo chifukwa sakudalira chifundo cha wokongola.

Zikavuta

Walira mvula walira matope. Bondi ndi ya zaka 30 kapena kuposerapo, koma pangano la sukulu m'zigawo zambiri limaunikidwa pakatha zaka zisanu zokha. Ana akachepa chifukwa pafupi patsegulidwa sukulu ina, kapena oyendetsa akasakaza ndalama, kapena pangano likathetsedwa, mtsinje wobwezera ngongole umauma. Zimachitika ndithu. Msungi amayamba wadya thumba lapadera lija, kenaka amalanda nyumba n'kuigulitsa, kawirikawiri pa mtengo wotsika, chifukwa nyumba ya sukulu ilibe ogula ambiri. Okongoza amaluza. Khonsolo siilipira kanthu. Koma amene amavutika kwambiri ndi ana ofunika kusaka malo ena pakati pa chaka, ndipo iwo sanasaine chikalata chilichonse.

Palinso mafunso ena amene anthu a ku America amakangana nawo, ndipo sindikuwaona ngati achabe. Msonkho umene wakhululukidwa uja ndi ndalama imene boma lalikulu lataya, ndiye kunena kuti anthu sakulipira kanthu si zoona kwathunthu. Ngongole imabwezedwa ndi ndalama zaboma za pa mwana aliyense, koma ikatha nyumbayo nthawi zambiri imakhala ya bungwe loyendetsa sukulu kapena kampani yogwirizana nalo, osati ya anthu onse. Ndipo poti wopereka dzina saluza kanthu, amatha kudinda mosasamala. Ku Wisconsin kuli bungwe lotchedwa Public Finance Authority, lokhazikitsidwa mu 2010, limene limagulitsa mabondi a ntchito za m'zigawo zina zakutali. Odzudzula amati dzina likamagulitsidwa chonchi, palibe amene akuyang'anira mokwanira. Zigawo zina, monga Texas ndi Colorado, zinasankha njira ina: zimaikira kumbuyo mabondi a sukulu zimene zakwanitsa miyeso yokhwima, kuti chiwongoladzanja chitsike. Pamenepo boma silinangobwereketsa dzina. Lalowa nawo m'ngozi.

Abale ake a sukuluzi kwathu kuno

Ku Malawi kulibe sukulu za pangano monga za ku America, koma maganizo akuti wina amange ndi kuyendetsa sukulu, boma n'kuthandiza ndi ndalama, ndi akale kuno kuposa kumeneko. Sukulu zoyamba zinali za mishoni. Boma la atsamunda linayamba kupereka thandizo ku sukulu za mishoni mu 1907, mapaundi 1,000 okha kwa mishoni zonse, ndipo dipatimenti ya zamaphunziro inakhazikitsidwa mu 1926. Ku Mchinji, kumene nthawi imeneyo kunkatchedwa Fort Manning, ansembe a White Fathers anakhazikitsa mishoni ya Kachebere mu 1903, ndipo pambuyo pake panabwera Guilleme ndi Ludzi. Kumene mishoni yafika, sukulu inkatsatira.

Mbiri imeneyi imaonekabe pa zikwangwani za m'mbali mwa msewu. Sukulu ina yalembedwa CCAP, ina Catholic, ina LEA, kusonyeza kuti mwini wake ndi mpingo kapena boma la m'dera, ngakhale aphunzitsi onse amalandira malipiro kuchokera kuboma. Ku sekondale kuli sukulu zothandizidwa ndi boma monga Ludzi Girls ku Mchinji komweko, Likuni ku Lilongwe, Robert Blake ku Dowa, Marymount ku Mzuzu ndi Malosa ku Zomba. Malo ndi nyumba ndi za mpingo, boma limathandiza ndi aphunzitsi ndi ndalama zina, ndipo limasankhirako ophunzira. Kusiyana kwakukulu ndi sukulu za ku America n'kwakuti zathuzi zimalipiritsa fizi, ndipo thandizo la boma si ndalama yokwanira yotsatira mwana aliyense.

Nanga nyumba zake zinamangidwa ndi chiyani? Ndi zopereka za akhristu a kunja ndi a kuno, ndi thukuta la anthu. Sukulu zaboma nazo zadalira kwambiri njira yomweyo. Maphunziro a pulayimale atakhala aulere mu 1994, ana anachuluka kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, makalasi osakwanira. Thumba la MASAF, limene linayamba pakati pa zaka za m'ma 1990 ndi ngongole ya World Bank, linamanga midadada yambiri pa mgwirizano wodziwika uja: mudzi ubweretse njerwa ndi mchenga, thumba ligule simenti ndi malata. Mu 1998 malo ophunzirira a MCDE anasandutsidwa masekondale oyendera a CDSS, ambiri alibe labotale kapena laibulale. Onani kuti ngongole inalipo, koma woikongola anali boma lalikulu, kwa okongoza akunja, mu ndalama zakunja. Sukulu payokha, kapena khonsolo, sinali pa mzere wokongola.

Tiyese masamu a kwa Dambe

Tiyerekeze kuti mpingo wina uli ndi sekondale ya ana 400 kufupi ndi Kapiri, ndipo ukufuna K100 miliyoni yomangira hositelo ya atsikana ndi labotale. Manambalawa ndi ongophunzirira. Pa chiwongoladzanja cha 5 pa 100, chofanana ndi chimene sukulu zina za ku America zapezapo, sukuluyo ingalipire K5 miliyoni pachaka ya chiwongoladzanja chokha, kapena K12,500 pa mwana aliyense. Pa chiwongoladzanja cha 30 pa 100 ingalipire K30 miliyoni pachaka, K75,000 pa mwana aliyense, ngongole yeniyeniyo isanakhudzidwe n'komwe. Pakatha zaka zinayi chiwongoladzanja chokha chapitirira mtengo wa nyumba.

Nambala yachiwiriyi ndi imene ili pafupi ndi moyo wathu. Mu 2024 Reserve Bank inakweza chiwongoladzanja chake chotsogolera kufika pa 26 pa 100, ndipo mabanki amalonda ankakongoza pamwamba pa pamenepo. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023. Wokongoza amene akuona mitengo ikukwera chonchi sangalole chiwongoladzanja chotsika pa zaka 30, chifukwa ndalama imene adzalandire kumapeto singadzagule ngakhale theka la zimene ikugula lero. Komanso boma lenilenilo likamalipira chiwongoladzanja chopitirira 25 pa 100, monga mu 2024, bungwe la penshoni lingasiyirenji makalata a boma n'kukakongoza sukulu ya kumudzi? Kukhululuka msonkho kumene kumagwira ntchito ku America kungachepetse pang'ono chabe pa phiri lotere.

Chachiwiri ndi mtsinje wobwezera. Fizi ya kholo la kwa Dambe imadalira mvula, mtengo wa soya ndi mmene fodya wagulidwira. Thandizo la boma limadalira bajeti ya chaka chimenecho, ndipo oyendetsa sukulu amadziwa kuti kulonjezedwa ndi kulandira ndi zinthu ziwiri. Wogula bondi amafuna ndalama yobwera tsiku lake, chaka ndi chaka, yotetezedwa ndi lamulo. Ku America chimene chimamanga sukulu si khonsolo kwenikweni, komanso si kalata. Ndi ndalama ya pa mwana aliyense imene aliyense amakhulupirira kuti ibwera. Kwathu kuno maziko amenewa ndi amene akusowa.

Chachitatu ndi dzina lenilenilo. Lamulo la maboma ang'onoang'ono la mu 1998 linapatsa makhonsolo mphamvu zambiri papepala, koma khonsolo ya boma ngati Mchinji imadalira kwambiri ndalama zochokera ku Lilongwe, kuonjezera pa ziphaso za m'misika ndi malaisensi a bizinesi, ndipo singangokongola ndalama zambiri popanda chilolezo cha boma lalikulu. Msonkho wa nyumba ndi malo, umene ndi msana wa mabondi a mizinda kwina konse, umatoleredwa makamaka m'mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, ndipo nakonso anthu ambiri ali ndi ngongole zake. Kuti dzina litsegule khomo, liyenera kukhala ndi mabuku a ndalama ounikidwa pa nthawi yake kwa zaka zotsatizana.

Sikuti mu Africa muno sizingatheke. Mzinda wa Johannesburg unagulitsa bondi yake ya 1 biliyoni randi mu 2004, n'kupitiriza ndi mabondi ena. Mu 2024 bungwe la madzi la mzinda wa Tanga ku Tanzania linapeza ndalama zopitirira 50 biliyoni shilingi pogulitsa bondi yoti ibwezedwe ndi mabilu a madzi. Koma mzinda wa Dakar ku Senegal, utakonzekera kwa zaka kuti ugulitse bondi yomangira msika wa mavenda, unaletsedwa ndi boma lalikulu mu 2015 kutatsala masiku ochepa. Onani kuti madzi ndi misika zili ndi ndalama yolowa tsiku ndi tsiku. Sukulu ya pulayimale yaulere ilibe, ndipo sitiyenera kufuna kuti ikhale nayo. Ine ndikuona kuti ngati njira yotereyi idzafike kuno, idzayambira pa mahositelo a makoleji ndi masekondale ogonera komweko okhazikika, mwina angapo ataphatikizidwa pa ngongole imodzi, ndipo pokhapokha mitengo ya zinthu itakhazikika. CDSS ya kumudzi ndi kalasi ya Sitandade 1 ziyenera kumangidwa ndi misonkho ya dziko lonse.

Komabe zina mwa njirayi sizifuna bondi kuti zigwire ntchito. Msonkhano wa poyera ntchito isanayambe, pamene mtengo wonse ndi dzina la kontrakitala zikuwerengedwa mokweza, ungachitike pansi pa mtengo uliwonse. Kusunga ndalama za mdadada pamalo pamene phungu, khansala kapena mphunzitsi wamkulu sangazitenge yekha, n'kulipira pokhapokha gawo la ntchito litayenderedwa, n'zotheka pa ndalama za CDF lero lomwe. Ndipo kupereka ndalama za sukulu mowerengera ana, pa tsiku lodziwika, ndi chinthu chabwino ngakhale pasadzakhale wokongola.

Dzina ndi chitsimikizo

Pali malire amodzi amene tiyenera kuwasamala kwambiri, chifukwa tawaonapo akudumphidwa. Kubwereketsa dzina n'kosiyana ndi kulonjeza kuti wokongola akalephera, boma lidzalipira. Lonjezo lachiwirili limatsitsa chiwongoladzanja, n'chifukwa chake okongoza amalikonda, koma limasandutsa ngongole ya bungwe limodzi kukhala ya mtundu wonse.

Anansi athu a ku Mozambique akudziwa mtengo wake. Mu 2013 ndi 2014 makampani atatu ogwirizana ndi boma, Ematum, Proindicus ndi MAM, anakongola pafupifupi madola 2 biliyoni, boma litasainira chitsimikizo popanda chilolezo cha nyumba ya malamulo. Zambiri mwa ngongolezi zitaululika mu 2016, mayiko othandiza anaimitsa thandizo la bajeti, ndalama ya metical inagwa, ndipo katundu anakwera mtengo mpaka kwa mayi wogulitsa pamsika ku Tete amene sanamvepo za makampaniwo. Kuno kwathu, cha m'ma 2017, boma linatenga mabiliyoni a misonkho kukalipira mabanki ngongole zimene ADMARC inatenga zogulira chimanga, chifukwa linali litaziikira kumbuyo.

Ku America, chikalata chogulitsira bondi yodutsira chimanena pachikuto, nthawi zambiri m'zilembo zikuluzikulu, kuti ngongoleyo si ya mzinda kapena chigawo, ndipo msonkho wa anthu sunaperekedwe ngati chikole. Tsiku lina khansala wa ku Mchinji, kapena membala wa komiti ya sukulu ya mpingo, akadzapatsidwa pepala loti asaine kuti ndalama zomangira zipezeke, afufuze chiganizo chimenecho choyamba. Ngati palibe, afunse kuti sukulu ikalephera adzalipire ndani, kuchokera m'thumba liti, ndipo yankholo lilembedwe m'maminitsi a msonkhano.